Kasankhidwe ka Mawu a Chingerezi Onena za Kugwa, Kuwonongeka ndi Kutembenuka kwa Zinthu

Munthu amene amaganiza m'Chichewa akamalemba Chingerezi amavutika pa nkhani za kugwa, chifukwa kwa ife mneni mmodzi amakwanira malo ambiri. Khoma limagwa, bizinesi imagwa, ndalama imagwa mphamvu, boma limagwa, ndipo ngakhale mkulu wa mpingo amene wachita zosayenera timangoti wagwa. Chingerezi chinagawa ntchito imeneyi kwa mawu ambirimbiri, ndipo liwu lililonse limauza wowerenga zinthu zimene mwina wolembayo sanafune kunena, monga kukula kwa tsokalo, amene analiyambitsa, komanso ngati wogwayo adzadzukanso. Wophunzira amene akulemba chimangirizo cha mayeso a MSCE, mtolankhani, kapena kalaliki wolemba lipoti la kuofesi angathe kupewa zolakwa zambiri akamadzifunsa mafunso atatu asanasankhe liwu. Chimene chagwa n'chiyani, munthu, nyumba, kampani kapena boma? Chagwa chokha, chagwetsedwa ndi ena, kapena chadzigwetsa? Nanga kugwako n'kotheratu kapena n'kwa kanthawi? Funso lachitatuli ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo mapeto ake amaimba nyimbo ya maliro munthu atangodwala chimfine.

Liwu lakuti "downfall" ndi limene ambiri amathamangira, choncho ndi bwino kulimvetsa poyamba. Limafuna kuti wogwayo akhale kuti anali pamwamba, kaya pa udindo, pa chuma kapena pa ulemu, ndiponso kuti kugwako kukhale kovuta kubweza. Richard Nixon, mtsogoleri wa dziko la United States, anatula pansi udindo pa 9 Ogasiti 1974 chifukwa cha mlandu wa Watergate ndipo sanakhalenso pa udindo wina wosankhidwa, kotero "Nixon's downfall" ndi mawu omuyenera ndithu. Koma timu ya mpira ikagonja masewero amodzi kumayambiriro kwa ligi, kulemba kuti "the team's downfall" n'kukokomeza, popeza timuyo idzaseweranso Loweruka likubwerali ndipo ikhoza kupambana. Liwuli limayenda ndi aneni ake odziwika, monga "lead to", "bring about" ndi "contribute to", ndipo n'kwanzeru kuloweza gulu lonselo pamodzi m'malo moloweza liwu limodzi lokha. Lilinso ndi ntchito yachiwiri imene ophunzira ambiri saidziwa, yotchula chinthu chimene chagwetsa munthuyo. Chiganizo chakuti "Gambling was his downfall" chikunena kuti juga ndi imene inamugwetsa.

Samalani zinthu ziwiri pa liwu limeneli. Choyamba n'chakuti ndi dzina basi ndipo silisanduka mneni, kotero mawu ngati "downfalled" kulibe. Mukafuna mneni, gwiritsani ntchito "bring down", monga m'chiganizo chakuti "The scandal brought him down". Chachiwiri n'chakuti silitanthauza kuipa kwa chinthu chabwino. Mukafuna kunena kuti foni yanu ndi yabwino koma batire lake limatha msanga, liwu lake ndi "drawback" kapena "downside". Ngakhale eni chiyankhulo ena amasokoneza mawu amenewa poyankhula, koma wochonga mayeso kapena mkonzi wa nyuzipepala adzadula mzere wofiira pansi pake. Mabuku ena otanthauzira mawu amasonyezanso kuti "downfall" amanena za mvula yamphamvu, koma masiku ano pafupifupi aliyense amati "downpour", ndipo ndi limene muyenera kulemba.

Nkhani ya banki ya Barings ya ku London imasonyeza bwino mmene chochitika chimodzi chimalandirira mawu osiyana malinga ndi kumene wolemba akuloza chala. Bankiyi inakhazikitsidwa mu 1762, ndipo inatha mu Febuluwale 1995 zitadziwika kuti wogwira ntchito wake ku Singapore, Nick Leeson, anataya mapaundi 827 miliyoni pa malonda a m'misika ya ndalama, zimene ankazibisa mu akaunti yachinsinsi. Kampani ya ING ya ku Netherlands inagula bankiyo pa paundi imodzi yokha. Mukalemba kuti "Barings collapsed in 1995", mwangonena zimene zinachitika popanda kutchula wolakwa. Mukalemba kuti "Leeson brought down the bank", mwasenzetsa mlandu wonse munthu mmodzi. Koma mukalemba kuti "Weak supervision was the bank's undoing", mwanena kuti matendawo anali m'kati mwa bankiyo, chifukwa akuluakulu ake analola munthu mmodzi kuchita malonda n'kumadziwerengera yekha mabuku. Liwu lakuti "undoing" limachokera ku mneni wotanthauza kumasula chimene chinamangidwa, ndipo kawirikawiri limaloza khalidwe kapena kufooka kwa mwini wake. Ziganizo zitatuzi ndi zoona zonse, koma sizikuweruza mlanduwo mofanana, ndipo wolemba wosamala amadziwa chigamulo chimene akupereka.

"Collapse" ndi liwu la kugumuka kwadzidzidzi, pamene chinthu chalephera kudzichirikiza chokha. Nyumba zimene zinagumuka m'chigawo chakummwera kwa Malawi pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, nyuzipepala za Chingerezi zikanati "collapsed", koma zimene zinakokoloka ndi madzi ndi matope zikanati "were swept away". Liwuli limagwiranso ntchito pa zokambirana zimene zalephereka, pa ndalama imene yagwa mphamvu koopsa, ndiponso pa boma la mgwirizano limene zipani zake zasiyana. Dziko la Soviet Union litatha mu Disembala 1991, liwu limene linakhazikika ndi lomweli, chifukwa panalibe mdani wakunja amene analigonjetsa pa nkhondo. M'matanthauzo amenewa mneniyu kawirikawiri amakhala wosayambukira, kotero pewani kulemba kuti "The manager collapsed the company". Palinso msampha wina woopsa. Mneniyu akanena za munthu amatanthauza kukomoka kapena kugwa pansi chifukwa cha matenda, ndiye mukalemba kuti "The minister collapsed" pofuna kunena kuti nduna yataya mphamvu pa ndale, owerenga adzafunsa chipatala chimene yagonekedwa.

Liwu lakuti "ruin" linachokera ku Chilatini, kumene linkanena za kugwa kwa nyumba, ndipo m'Chingerezi lili ndi kulemera kuwiri kosiyana kwambiri. Likakhala dzina ndi lolemera zedi. "Financial ruin" ndi umphawi wotheratu, pamene munthu wataya nyumba, munda ndi bizinesi, ndipo "on the brink of ruin" akutanthauza kuti kwangotsala pang'ono kuti zonse zithe. Pa tanthauzo limeneli dzinali siliwerengeka, choncho silitenga "a" kutsogolo kwake, ndipo timalemba "He faced ruin". Koma likakhala mneni limapepuka modabwitsa, moti Mngerezi amanena kuti "The rain ruined my shoes" kapena "You have ruined the surprise" popanda aliyense kuganiza za tsoka lalikulu. Apa likungofanana ndi kuwononga kapena kusokoneza kwathu kwa tsiku ndi tsiku. Kusiyana kumeneku n'kofunika kukukumbukira pomasulira, chifukwa chiganizo chakuti mvula yasokoneza ukwati chimafuna mneni, ndipo mukaika dzina n'kulemba za "the ruin of the wedding", mumamveka ngati mukunena za banja limene latha.

Mukawonjezera "s" kumapeto, mwalowa m'mabwinja enieni. "The ruins" ndi makoma otsala a malo amene kale munkakhala anthu, monga a Great Zimbabwe pafupi ndi Masvingo. Mawu akuti "in ruins" amanena za mzinda wophwasulidwa, monga mmene unalili wa Berlin mu 1945, ndipo amagwiranso ntchito mophiphiritsa pa mbiri ya munthu kapena pa mapulani ake. "Fall into ruin" ndi "go to rack and ruin" amanena za kuwonongeka kwapang'onopang'ono kobwera chifukwa cha kusasamala, ngati nyumba imene mwini wake anapita ku Joni osabwerako, denga n'kuyamba kudontha mpaka chiswe kumaliza mitanda. Mfotokozi wakuti "ruinous" amakonda kuyenda ndi ndalama, monga pa ngongole ya katapira imene chiwongoladzanja chake chingathe kumaliza munthu.

"Demise" ndi liwu limene ndingalangize wophunzira kuti aziligwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Linayambira m'malamulo, pa nkhani yosamutsa malo kapena ufumu kuchoka kwa wina kupita kwa wina, ndipo popeza ufumu umasamuka mfumu ikamwalira, liwuli linayamba kutanthauza imfa. Lero limanena za imfa ya munthu m'chiyankhulo chaulemu kwambiri, kapena za kutha kwa kampani, nyuzipepala kapena mwambo. Mukalemba za "the demise" ya munthu wandale amene ali moyo, onjezerani mfotokozi n'kunena kuti "political demise", apo ayi mwalengeza maliro a munthu wamoyo. Dzina lakuti "fall" ndi la m'mabuku a mbiri, makamaka pa mizinda ndi maufumu, monga kugwa kwa Constantinople mu 1453 kapena kwa khoma la Berlin pa 9 Novembala 1989. "Decline" ndi kulowa pansi kotenga zaka, kumene palibe tsiku limodzi limene mungaloze kuti zinthu zinathera pamenepa.

Pa nkhani za ndale ndi pamene kusankha liwu molakwika kungakuikeni m'mavuto enieni, chifukwa aneni ake amanena njira imene munthu anachokera pampando. "Overthrow" amafuna mphamvu, kawirikawiri ya mfuti. Kwame Nkrumah wa ku Ghana "was overthrown" pa 24 Febuluwale 1966, pamene asilikali ndi apolisi analanda boma iye ali paulendo kunja kwa dziko. Onetsetsani kasinthidwe ka mneniyu, kamene ndi "overthrow", "overthrew" ndi "overthrown". Koma Kenneth Kaunda mu 1991 ndi Dr Hastings Kamuzu Banda mu 1994 anagonja pa chisankho, ndipo mawu owayenera ndi "was defeated" kapena "was voted out". Kulemba kuti anachitidwa "overthrow" n'kunamizira mbiri ndiponso kunyoza anthu amene anaima pamzere kukavota. "Depose" amakonda mafumu ndi atsogoleri amene avulidwa ulamuliro, monga Haile Selassie wa ku Ethiopia mu Seputembala 1974. "Oust" ndi kukankhira munthu kunja ngakhale popanda kukhetsa magazi, monga mmene a chipani chake anachitira ndi Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain, mu Novembala 1990, kapena mmene Robert Mugabe anakakamizidwira ndi asilikali ndi chipani chake kutula pansi udindo mu Novembala 2017. "Unseat" ndi wa phungu amene walandidwa mpando pa chisankho. "Topple" amabweretsa chithunzi cha chinthu chachitali chimene chikupendama n'kugwa, ndiye amagwira ntchito pa boma komanso pa chipilala chenicheni, monga cha Saddam Hussein chimene chinagwetsedwa ku Baghdad pa 9 Epulo 2003.

Mawu a za ndalama ali ndi makwerero awo. Pansi penipeni pali "broke", liwu la macheza lonena za munthu amene m'thumba mwauma pakati pa mwezi, ndipo siliyenera kulowa m'lipoti. "Insolvent" ndi munthu kapena kampani imene ikulephera kubweza ngongole zake. "Bankrupt" ndi liwu la malamulo, limene akatswiri amati linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza benchi lothyoka, kunena tebulo la wosintha ndalama amene walephera malonda. M'malamulo a ku England liwuli ndi la munthu payekha, ndipo kampani imati "goes into liquidation" kapena "goes into administration", monga kampani ya zamaulendo ya Thomas Cook imene inatsekedwa pa 23 Seputembala 2019. Koma ku United States kampani nayonso imatha kuchita "file for bankruptcy", zimene banki ya Lehman Brothers inachita pa 15 Seputembala 2008. Musatchule munthu wodziwika kuti ndi "bankrupt" khoti lisananene choncho, popeza akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri. Pa chuma cha dziko lonse, "downturn" ndi kutsika wamba, "recession" ndi kutsika kumene ambiri amakuyeza ndi zigawo ziwiri zotsatizana za miyezi itatuitatu, ndipo "crash" ndi kugwa kwa masiku ochepa, monga kwa msika wa masheya wa Wall Street ku New York mu Okutobala 1929.

Tikafika pa kutembenuka kwa zinthu, liwu lothandiza kwambiri ndi limene ophunzira amalinyoza chifukwa silimveka lapamwamba, ndilo "setback". Limanena za chopinga chimene chakubwezerani m'mbuyo koma ulendo ukupitirira, ndipo m'moyo wa tsiku ndi tsiku zovuta zambiri zimene timalemba zimakhala za mtundu umenewu. Kulephera mayeso kamodzi, kudwala pa nthawi yokolola kapena kuchedwa kwa katundu pachipata cha dziko ndi ma "setback". "Reversal" ndi lolemererapo, ndipo limatanthauza kuti chinthu chayang'ana kumene chinachokera. Palokha silinena ngati kusinthako n'kwabwino kapena n'koipa, moti "a reversal of fortune" angakhale wolemera amene wasauka kapena wosauka amene walemera, ngakhale kuti nthawi zambiri amanena za woyambayo. Mukaona mneni wakuti "suffer" kutsogolo kwake, dziwani kuti nkhaniyo ndi yoipa. Ngati kutembenukako n'kwabwino, monga kampani imene inkataya ndalama n'kuyamba kupeza phindu, liwu lake ndi "turnaround".

Mneni wakuti "reverse" timamudziwa kale kuchokera kwa madalaivala ndiponso kwa maejenti a ndalama za pafoni, amene timawadandaulira tikatumiza ndalama pa nambala yolakwika. Tanthauzo lake m'malemba ndi lomwelo, kubweza chimene chinachitika, kaya ndi chigamulo, lamulo kapena malipiro. Musawonjezere "back" pambuyo pake, chifukwa kubwerera kuli kale m'kati mwa mneniyo. Pali mnzake wina wofanana naye nkhope, "revert", amene amatanthauza kubwerera ku mkhalidwe wakale, monga munda umene wasiyidwa n'kusandukanso tchire. M'maofesi ambiri a kuno ku Africa ndi ku India anthu amatseka kalata ndi mawu akuti "I will revert to you" potanthauza kuti adzayankha, ndipo pakati pawo amamvana bwinobwino. Koma ngati kalatayo ikupita kwa munthu wa ku London kapena ku New York amene sanazolowere zimenezi, lembani "I will reply" kapena "I will get back to you", ndipo pa mayeso musayese n'komwe.

Boma likasintha maganizo pagulu, nyuzipepala za ku Britain zimakonda liwu lakuti "U-turn", lochokera pa galimoto imene yakhota n'kubwerera kumene imachokera. Liwuli lili ndi chitonzo m'kati mwake, n'chifukwa chake Margaret Thatcher anauza msonkhano wa chipani chake mu Okutobala 1980 kuti "You turn if you want to. The lady's not for turning", posewera ndi kamvekedwe kofanana ka "you turn" ndi "U-turn". Nkhani ya Liz Truss, amene anali nduna yaikulu ya Britain mu 2022, imasonyeza mmene mawu amakwerera pamene zinthu zikuipiraipira. Pa 23 Seputembala 2022 nduna yake ya zachuma, Kwasi Kwarteng, inalengeza zochotsa msonkho wa 45 peresenti umene olandira ndalama zambiri amalipira. Misika itasokonezeka, boma linabweza ganizolo pa 3 Okutobala, ndipo pa tsikulo liwu loyenera linali "U-turn". Pa 14 Okutobala Kwarteng "was sacked", ndipo pa 20 Okutobala Truss analengeza kuti akutula pansi udindo. Pamenepo ndi pamene "downfall" anakhala liwu loona, ndipo mtolankhani amene akanalilemba pa 3 Okutobala akanakhala akulosera, osati kupereka nkhani. "Climbdown" ndi lonyoza kuposa "U-turn", chifukwa limasonyeza kuti munthuyo wakakamizidwa kutsika, ndipo Amereka amati "flip-flop" pa wandale wosinthasintha. M'lipoti losakondera mbali, "reversed its decision" ndi mawu amene sabaya aliyense.

Makhoti ali ndi mawu awoawo, ndipo ndi bwino kutsatira amene ali m'chigamulo chenichenicho. Khoti lalikulu likakana chigamulo cha khoti laling'ono, aneni ake ndi "overturn", "reverse" kapena "set aside", ndipo pa munthu amene anapezeka wolakwa kenako n'kumasulidwa pa apilo, amati "the conviction was quashed". Chisankho chikafafanizidwa, mawu ake ndi "annul" kapena "nullify", otanthauza kuchiyesa ngati sichinachitike n'komwe. Izi ndi zimene khoti loona za malamulo aakulu a dziko la Malawi linachita pa 3 Febuluwale 2020 ndi chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019. Khoti la Supreme litagwirizana ndi chigamulocho pa 8 Meyi 2020, mneni wake anali "upheld", amene ndi wotsutsana ndi "overturned". Musasokoneze "overturn" ndi "overthrow": woyambayo ndi wa chigamulo, kapena wa galimoto ndi bwato zimene zagubuduzika, pamene wachiwiriyo ndi wa boma.

Mpira umaphunzitsa msanga kuti liwu limadalira mbali imene mwaima. Pa 25 Meyi 2005 ku Istanbul, Liverpool inapita kokapuma itagoletsedwa zigoli 3 kwa 0 ndi AC Milan, kenako inabweza zonse zitatu n'kupambana pa mapenate. Kwa Liverpool imeneyi inali "comeback", ndipo tinganene kuti "they turned the tables". Kwa Milan inali "collapse". Brazil itagonja 7 kwa 1 ndi Germany pakwawo ku Belo Horizonte pa 8 Julayi 2014, mawu oyenera anali "debacle" kapena "humiliation". "Debacle" anachokera ku Chifalansa, kumene ankanena za kusweka kwa madzi oundana pamtsinje, ndipo amanena za kulephera kwachisokonezo ndi kochititsa manyazi. "Fiasco" ndi kulephera kumene kuli ndi mbali yoseketsa, monga msonkhano umene alendo afika koma holo ndi yokhoma ndipo wosunga makiyi sakupezeka. Pachifukwa chimenechi musaligwiritse ntchito pamene anthu afa. Pamenepo mawu ake ndi "disaster", "tragedy" kapena "catastrophe". Chiwembu chikatembenukira mwini wake, mneni wake ndi "backfire", amene amatsatidwa ndi "on", ndipo woipa akalandira zomuyenera, dzina lake ndi "comeuppance", limene limanyamula maganizo a mwambi wathu wakuti choipa chitsata mwini.

Zining'a zambiri za Chingerezi pa nkhaniyi n'zochokera m'Baibulo, ndipo munthu amene anakulira m'tchalitchi amazimva mosavuta akangodziwa gwero lake. "Pride comes before a fall" ndi chidule cha Miyambo 16:18. "How the mighty have fallen" anachokera pa nyimbo ya maliro imene Davide anaimbira Sauli ndi Yonatani mu 2 Samueli 1, koma lero anthu ambiri amawanena monyogodola, choncho si mawu opepesera nawo munthu. "The writing is on the wall" akuchokera pa dzanja limene linalemba pakhoma pa phwando la mfumu Belisazara mu Danieli 5, ndipo amatanthauza kuti zizindikiro za kugwa zaoneka kale ngakhale kugwako kusanafike. "Fall from grace", ochokera pa Agalatiya 5:4, masiku ano amanena za munthu wolemekezeka amene wataya ulemu chifukwa cha khalidwe lake. Kunja kwa Baibulo kuli "meet one's Waterloo", kukumbukira kugonja komaliza kwa Napoleon wa ku France pa 18 Juni 1815 ku Waterloo, dera limene lero lili ku Belgium. Chining'achi chimayenera munthu amene wakhala akupambana nthawi yaitali kenako n'kugonja kotheratu. M'chimangirizo chimodzi chining'a chimodzi n'chokwanira, ndipo m'kalata ya ntchito n'bwino kusaikamo n'chimodzi chomwe.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi golosale pamsika, ndipo usiku wina moto wapsereza theka la katundu wake ngongole ya kubanki isanathe. Akufuna kulemba kalata yopempha kuti amuwonjezere miyezi yobwezera. Mwana wake amene ali kusekondale akhoza kulemba kuti "The fire has caused my downfall and I am ruined", poganiza kuti mawu akuluakulu adzamvetsa chisoni. Koma wa kubanki akawerenga chiganizo chimenechi amamva kuti bizinesi yatheratu ndipo ngongoleyo sidzabwezedwa, ndiye amayamba kufunsa za chikole. Kalata yothandiza ingati "The fire destroyed half of my stock, which is a serious setback, but the shop has reopened", chifukwa yatchula chimene chawonongeka, yasonyeza kukula kwa vutolo, ndipo yanena kuti malonda akupitirira. Ngati katundu wina sanapse koma wawonongeka ndi madzi ozimitsira moto, mneni wakuti "ruined" akhoza kulowa pa matumba a shuga ndi ufa, osati pa mayiyo.

Kuti mawu amenewa akhazikike, khalani ndi kope limene muzilembamo ziganizo zathunthu zimene mwazipeza m'nyuzipepala kapena mwazimva pawailesi, ndipo muzidula mzere pansi pa mneni ndi mperekezi amene akuyenda ndi liwulo, popeza zolakwa zambiri zimakhala pamenepo. Mukatsegula mtanthauziramawu wa ophunzira Chingerezi, yang'anani zilembo zosonyeza ngati dzinalo limawerengeka kapena ayi, komanso chizindikiro chonena ngati liwulo ndi la macheza kapena la malemba aulemu. Dziwaninso kuti mitu ya nkhani m'nyuzipepala imasankha mawu afupiafupi monga "axe", "oust", "crash" ndi "slump" chifukwa malo ndi ochepa, ndipo nthawi zambiri imakokomeza. Werengani ndime yachiwiri ndi yachitatu ya nkhaniyo kuti muone mawu amene mtolankhaniyo wagwiritsa ntchito atapeza malo okwanira. Mutu ukhoza kunena kuti mitengo ya fodya yachita "crash", pamene m'kati mwa nkhani mwalembedwa kuti "prices fell" ndi kuchuluka kwa masenti amene atsika pa kilogalamu, ndipo m'lipoti lanu muyenera kutengera kalembedwe ka m'katimo n'kutchula nambalayo.